Tagwetsa chumuni, padenga la masileti patsala chibowo: titseke bwanji?

Mayi wina wa ku Leicester, ku England, watilembera kuti iwo ndi amuna awo anagula nyumba yakale, yomangidwa cha m'ma 1900, ya mtundu uja wa nyumba zogundana khoma ndi khoma msewu wonse. Chumuni cha kuseri chinali chitapendekeka ndipo chinkalowetsa madzi, ndiye anaitana womanga amene anachigumula mpaka kulekezera padenga, n'kuphimbapo thabwa ndi lona. Tsopano mmisiri wina akuti kutseka bwinobwino n'kofuna scaffolding (nsanja ya zitsulo yokwerapo amisiri), matabwa ndi masileti (miyala yafulati yofolerera denga) ofanana ndi akalewo. Wina akuti angomatapo nsalu ya phula ndi phala lomatira lotchedwa mastic, ntchito ya theka la tsiku, mtengo wochepa. Abambo akunyumba nawo akuti akwera okha, poti kumudzi anakhomapo malata. Mayiwa akufunsa kuti amvere ndani, komanso ngati masileti alionse a m'sitolo angagwire ntchito.

Mayi, pa amisiri awiriwo mverani woyambayo, ngakhale mtengo wake ukuwawa. Wachiwiriyo akukugulitsani mpumulo wa dzinja limodzi kapena awiri, kenako banga la madzi lidzatulukira pasiling'i ya chipinda chogona, ndipo mudzalipira ntchito yomweyi kachiwiri, kuwonjezapo yopala phula limene iye anamata.

Lata limaletsa madzi chifukwa ndi chinthu chimodzi chachitali chopanda msoko, ndiye likabooka kumata kumathandizadi. Denga la masileti ndi misoko yokhayokha, ndipo palibe msoko ndi umodzi womwe umene unamatidwa. Madzi amalowa ndithu pakati pa masileti awiri oyandikana, koma akalowa amagwera pakati pa sileti la mzere wapansi pake n'kutsetsereka kutuluka. Kafoleredwe kake n'kofanana ndi ka udzu: umayambira m'munsi kukwera m'mwamba, wapamwamba kuphimba mutu wa wapansi. Mzere uliwonse wa masileti umaphimba mzere wapansi pake kupitirira theka, n'kukafikanso pamutu pa mzere wachiwiri kutsika, moti pamalo amenewo pamasanjikizana miyala itatu. Kuphimbana komalizaku amisiri amati headlap, ndipo pamadenga ambiri kumakhala mamilimita 75 mpaka 100. Denga likakhala losatsetsereka kwambiri kapena lili pamalo a mphepo, kumakhala kokulirapo. Kumeneku n'kumene kumaletsa mvula yamphepo kukwera cham'mbuyo kulowa m'nyumba. Choncho pamene panali chumuni sitikufunapo chivindikiro. Tikufuna kuti mizere ya masileti imene inkalekezera mbali iyi ya chumuni ipitirire mpaka kukakumana ndi inzake ya mbali inayo, ngati kuti chumunicho sichinakhalepo.

Koma masileti ndi omalizira. Lona lija lichotsedwe, ndipo munthu alowe m'denga ndi tochi kukaona zimene womanga uja anasiya.

Simunanene ngati chumunicho chinali chanu nokha. M'nyumba zogundanazi chumuni chimodzi nthawi zambiri chimakhala pakhoma la pamalire, ndipo theka la njira za utsi zimakhala za aneba. Ngati ndi mmene zinalili, khomalo ndi la nonse awiri, ndipo ku England ndi Wales lamulo la Party Wall etc. Act 1996 limafuna kuti aneba adziwitsidwe mwa kalata miyezi iwiri ntchito isanayambe. Ngati zimenezi sizinachitike, pitani mukagogode lero lomwe, musadikire kuti iwo ayambe. Chachikulu apa si pepala. Ngati aneba ali ndi mbaula ya gasi kapena ya nkhuni imene utsi wake unkatulukira m'chumuni chimenecho, ndiye kuti pano ukutulukira m'denga, ndipo mpweya wakupha wa carbon monoxide sumveka fungo. N'chimodzimodzi kwanuko: ngati pabalaza pali mbaula ya gasi, kapena boiler yakale yobisika kuseri kwake, isayatsidwe mpaka mmisiri wolembedwa mu Gas Safe Register, mndandanda wa amisiri a gasi ovomerezeka, abwere adzaidule kapena kuipezera njira ina ya utsi. Izi ndiye zoyamba, zina zonse zikhoza kudikira sabata.

Chachiwiri ndi njerwa zimene zatsala. Omanga ambiri amagumula mpaka polekezera masileti n'kusiyira pomwepo. N'zosakwanira. Njerwa zitsitsidwe mizere ingapo mpaka zikhale pansi pa mapaso, kuti matabwa atsopano adutse pamwamba pake osagunda. Pogumulapo mmisiri ayang'ane ngati palibe mtanda umene unatsamira panjerwazo. M'nyumba zakalezi mtanda waukulu wopingasa umene umanyamula mapaso chapakati, uja amati purlin, nthawi zina mutu wake unalowetsedwa m'njerwa za chumuni. Ndinaonapo denga limene womanga anachotsa njerwa pansi pa mtanda wotere n'kuuchirikiza ndi kathabwa koimika pasiling'i. Kunja denga linali litayamba kale kupanga dzenje looneka ndi maso kuchokera mumsewu. Ngati chumuni chinali pakhoma la pamalire, khomalo limangidwenso lotseka mpaka kufika pansi pa denga, lisasiye chibowo pakati pa denga lanu ndi la aneba, chifukwa khoma limenelo ndi limene limachedwetsa moto kuwoloka kuchoka nyumba ina kupita ina.

Njira ya utsi imene yatsala mkati mwa khoma isangotsekedwa m'mwamba ndi m'munsi n'kuiwalika. Mwaye wa malasha wa zaka zambirimbiri uli ndi mchere umene umakoka chinyezi, ndipo mukatseka mbali zonse ziwiri mudzaona mawanga abulauni akutuluka papulasitala ya khoma ngakhale denga lisakudontha. Anthu ambiri amanamizira denga pamene vuto ndi limeneli. Ipsereredwe kaye ndi wosesa chumuni, m'munsi muikidwe kachitseko ka mabowo kolowetsa mpweya, ndipo m'mwamba mukhalenso potulukira. Ena amangoisiya yotsegula m'denga. Ine sindikonda zimenezo, chifukwa mpweya wofunda wa m'nyumba umakwera n'kukasanduka mame pansi pa masileti ozizira, madontho n'kumagwera pamatabwa dzinja lonse. Ndi bwino kuvindikira ndi mwala wafulati n'kutulutsa mpweyawo kunja, kaya podzera panjerwa ya mabowo ngati khomalo ndi lakunja, kaya ndi paipi yopita ku sileti lapadera lotulutsira mpweya. Ndipo ngati mukuganiza zodzachotsanso chitumbu cha chumuni, njerwa zija zotumphuka pakhoma m'zipinda, kuti mupeze malo, imeneyo ndi ntchito ina, yofuna injiniya ndi chilolezo cha a Building Control ku khonsolo. Musailole kulowa mu ntchito ino ngati basera.

Tsopano matabwa. Pamene chumuni chinkabowola denga, mapaso amodzi kapena awiri anadulidwa, ndipo mitu yawo inakhomeredwa pamatabwa opingasa ozungulira chumunicho. Matabwa amenewa ndi amene akhala akumwa madzi zaka zonse zimene chumuni chinkadontha, makamaka la kumtunda, kumene kunali kangalande ka mtovu kuseri kwa chumuni. Mmisiri abaye ndi screwdriver. Ikamalowa mosavuta, thabwalo lachoka ntchito. Olimba asiyidwe pomwepo, asazulidwe, chifukwa akunyamulabe mapaso odulidwa aja. Pakati pake paikidwe mapaso atsopano a msinkhu wofanana ndi akalewo. Apa pali kanthu kamene kamasiyanitsa mmisiri ndi wongoyesa: denga la zaka zoposa 100 silikhala lowongoka, limakhala litawerama pang'ono, pamene thabwa latsopano ndi lowongoka. Mukangolikhoma osayeza, msana wake umatumphuka pamwamba pa anzake, ndipo masileti a pamenepo amatukuka milomo. Mmisiri amakoka chingwe kapena kugoneka thabwa lalitali kuchoka paphaso lakale la mbali iyi kukafika la mbali inayo, n'kupala kapena kukweza latsopanolo mpaka ligwirizane ndi anzake.

Za nsalu ya pansi pa masileti zimadalira zimene mupeze. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo zinafoleredwa popanda nsalu iliyonse. Mukalowa m'denga mumaona mimba za masileti, mwina zopakidwa matope a laimu osakaniza ndi ubweya m'mphepete mwa timatabwa. Ngati denga linakonzedwapo pambuyo pake, mupeza nsalu yakuda ya phula kapena nsalu yamakono yopuma. Pamene nsalu ilipo, chidutswa chatsopano chilowe pansi pa yakale kumtunda, chikhale pamwamba pa yakale kumunsi, zipitane ndi mamilimita ngati 150, ndipo m'mbali zikumanire paphaso. Mukatembenuza dongosolo limeneli ndiye kuti mwapangira madzi khomo. Pamene nsalu palibe, kuika kachidutswa pakati pokha kulibe phindu lenileni, pokhapokha mlomo wake wam'munsi utulutsidwe pamwamba pa mitu ya masileti a mzere wapansi; kupanda kutero, kadontho kalikonse kamene katsetsereke pansaluyo kakagwera m'denga momwemo. Denga limenelo lakhala zaka zonsezi lopanda nsalu chifukwa masileti ake anaphimbana bwino, ndipo chigamba chanu chidalire zomwezo.

Timatabwa topingasa tokhomerapo masileti, ma battens, tatsopano timabwera ta mamilimita 25 kwa 50, ndipo tikhale tosankhidwa motsatira muyezo wa BS 5534, umene ndi malangizo a kafoleredwe ka masileti ndi matailosi ku Britain. Takale nthawi zambiri timakhala topyapyala kuposa pamenepo, ndiye apanso pafunika kuyeza kuti misana ifanane. Takalewo tisadulidwe pamlomo pa chibowo. Tidulidwe pakati pa phaso lolimba, ndipo zolumikizira zisagwere paphaso limodzi mizere yonse, zisinthanesinthane. Mtunda wa pakati pa kathabwa ndi kanzake mmisiri sasankha yekha, denga linasankha kale. Amangotsatira mzere wa kumanzere mpaka ukakumane ndi wa kumanja.

Tafika pa funso lanu la masileti, ndipo yankho n'lakuti ayi, alionse sangagwire. Nyumba zambiri za m'mizinda ya ku England za nthawi imeneyo zinafoleredwa ndi miyala ya kumpoto kwa Wales, imene sitima zapamtunda zinkaifikitsa paliponse. Ya ku Penrhyn, pafupi ndi Bethesda, imakonda kuoneka yofiirira mopita ku pepo. Ya ku Blaenau Ffestiniog imakhala yotuwa mopita ku buluu. Mgodi waukulu wa Dinorwic unatsekedwa mu 1969, koma wa Penrhyn ukugwirabe ntchito, ndipo dera lonse la migodi imeneyi linalowa m'ndandanda wa UNESCO wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 2021. Masileti atsopano ambiri amene mungawapeze m'masitolo a zomangira lero ndi ochokera ku Spain, ndipo abwino ake ndi abwinodi. Vuto lake ndi muyezo.

Akale ankadulidwa m'mainchi. Msinkhu wofala kwambiri unali mainchi 20 kwa 10, umene ankautcha Countess, ndipo wokulirapo wa 24 kwa 12 unali Duchess. Mainchi 20 kwa 10 ndi mamilimita pafupifupi 508 kwa 254, pamene atsopano oyandikira amabwera a 500 kwa 250. Zikuoneka zazing'ono, koma tiyeni tiwerengere. Mtunda wa timatabwa umapezeka pochotsa headlap pautali wa sileti n'kugawa pawiri. Sileti la mainchi 20 lophimbana mainchi atatu limapereka mainchi 8 ndi theka, amene ndi mamilimita pafupifupi 216. Mukaika sileti la 500 patimatabwa timeneti, kuphimbana kuja kumatsika kuchoka pa 76 kufika pa 68. M'lifupi namo sileti lililonse likuperewera ndi mamilimita anayi. Mukayala asanu ndi limodzi mwataya 24, ndipo misoko imayamba kuchoka pakati pa sileti lapansi kusendera m'mbali. Mmisiri waluso akhoza kumwaza mpatawo m'misoko, koma chigambacho chimaonekabe, ndipo padenga losatsetsereka kwambiri mamilimita amenewo ndi amene amasiyanitsa denga louma ndi lodontha mphepo ikamaomba kuchokera kumadzulo.

N'chifukwa chake ndimalangiza masileti akale ogwiritsidwapo ntchito, ochokera kumayadi ogulitsa zogumula m'nyumba zakale. Musapite ndi chithunzi cha pafoni. Mtundu wa mwala pafoni umanama. Tengani sileti limodzi lathunthu la padenga panu, mukaligoneke pamwamba pa amene akugulitsawo, muone utali, mulifupi, kuchindikala ndi mtundu, ndipo munyowetse onse awiri ndi madzi poti mwala wonyowa ndi umene umaonetsa mtundu wake weniweni. Kenako lililonse muligwire pakona ndi zala ziwiri n'kuligogoda ndi chitsulo. Labwino limalira kuti ngwee. Lotha limangoti phu, ndipo mukalitembenuza mupeza kumimba kwake kukufumbutuka kapena kukusendeka timapepala, makamaka mozungulira mabowo a misomali. Limenelo lisiyeni ngakhale akupatseni ulere. Gulani ochulukirapo kusiyana ndi chiwerengero cha chibowo, chifukwa ena adzasweka poboola, ndipo ena mwa akale ozungulira chibowocho anadulidwa kuti akwanire m'mbali mwa chumuni, ndiye sangabwererenso.

Musanagule onetsetsaninso kuti zimene zili padenga panu ndi mwala weniweni. Madenga ena anafoleredwanso ndi masileti opanga a simenti, ndipo opangidwa mpaka chaka cha 1999, pamene Britain inaletseratu asbestos, ulusi umene fumbi lake limawononga mapapo, akhoza kukhala nayo. Amaoneka osalala, ofanana onse ngati odindidwa, m'mphepete mowongoka bwino, ndipo ambiri amakhala ndi kamsomali ka mkuwa kopindidwa kumchira. Otere sadulidwa ndi makina kapena kuswedwa mwachisawawa, ayezedwe kaye.

Poyala, mmisiri wabwino amayamba ndi kukulitsa chibowo, ndipo eni nyumba ambiri apa amadandaula kuti akuwononga. Sakuwononga. Amachotsa masileti onse odulidwa, mtovu wakale wonse, ndi ena athunthu ochepa mbali zonse, mosiya mlomo wa mano ngati masitepe, kuti atsopano alowane ndi akale. Pochotsa amagwiritsa ntchito chitsulo chachitali chafulati chokhala ndi mbedza kumapeto, slate ripper, chimene amachilowetsa pansi pa sileti, kukola msomali, n'kumenya chogwirira ndi hamala cham'munsi mpaka msomali uduke kapena uzuke. Amene amakanula ndi chitsulo chozulira misomali amaswa awiri pofuna kuchotsa limodzi. Akamaliza amasankha masileti molingana ndi kuchindikala, kuti mumzere umodzi musakhale lonenepa pambali pa lopyapyala, poti lapamwamba pake limagwedera n'kudzasweka.

Mabowo a misomali amaboolera kuchokera kumimba kwa sileti, kuti kachibenthu kamene kamathothoka kathothokere kumsana n'kusiya kadzenje kobisamo mutu wa msomali. Akabooledwa mozondoka, mutu umatsala pamwamba n'kumatukula sileti lapamwamba. Mabowo akhale mamilimita 20 mpaka 25 kuchokera m'mphepete. Misomali ikhale ya mkuwa kapena ya aluminiyamu, iwiri pasileti lililonse, yokhomedwa mongofika, osati mopanikiza. Sileti limapachikidwa, silifinyidwa. Ya chitsulo wamba iyayi, ngakhale yokutidwa ndi zinki. Madenga akale ambiri amene amagwetsa masileti si kuti miyala yatha, koma misomali yachitsulo inadyeka ndi dzimbiri. Ndipo apa ndikuchenjezeni: mmisiri akayamba kuchotsa n'kupeza kuti masileti akungosololoka ndi dzanja popanda ripper, ndiye kuti matendawa ali denga lonse. Chigamba chidzagwira, koma yambani kusunga ndalama ya kufolera mbali yonseyo, ndipo mukamadzatero miyala yambiri yomweyo idzabwereranso padenga.

Povuta ndi pamapeto. Mukamakwera mzere ndi mzere mumafika pamene sileti lomaliza liyenera kulowa pansi pa akale amene ali kale pamalo pake, ndipo pokhomera msomali pamakhala pataphimbika. Ngati chumuni chinali pafupi ndi msana wa denga, monga zimakhalira nthawi zambiri, njira yabwino ndi kuchotsa masileti onse mpaka kumsanako, kukhomera lililonse ndi misomali, n'kubwezera matailosi a pamsana. Matailosi amenewa malangizo a BS 5534, kuyambira pamene anakonzedwanso mu 2014, amafuna kuti asamangodalira matope okha koma agwidwenso ndi zomangira. Ngati chumuni chinali chapakati potsetsereka pa denga, kutali ndi msana, omalizawo amagwiridwa ndi kalamba ka mkuwa kamene amati tingle: amakakhomera pakathabwa kudzera mumsoko wa masileti awiri apansi, kulowetsa sileti, n'kupinda mchira wa kalambako kuti ukole mlomo wake. Ena amagwiritsa ntchito mtovu poti ndi wofewa kupinda, koma kufewa komweko n'kumene kumaupangitsa kutambasuka chipale chofewa chikamatsetsereka padenga. Ine ndimasankha mkuwa kapena timbedza ta chitsulo chosachita dzimbiri. Timeneti tikhale towerengeka, mzere womaliza wokha. Mukaona chigamba chonse chili mbuu ndi timalamba, dziwani kuti mmisiri anathawa ntchito yokulitsa chibowo.

Pa chigamba chonsechi palibe pofunika mastic, silikoni kapena phula. Zinthu zimenezi zimauma ndi dzuwa, zimang'aluka ndi chisanu, ndipo zikang'aluka zimasunga madzi m'malo mowataya. Choipitsitsa ndi thovu lija amapopera pansi pa masileti kuchokera m'denga. Limamata miyala ndi matabwa pamodzi moti sileti losweka silingachotsedwe lokha, limabisa kuola kwa mapaso, ndipo mabanki ambiri obwereketsa ndalama za nyumba amakana kapena kuvuta akapeza nyumba ili ndi thovu limeneli. Wina akakuimbirani foni kukutsatsani zimenezi, mukaneni.

Nanga abambo akunyumba? Muwauze mwaulemu kuti luso lawo la malata palibe akulikana, koma apa pali zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba, palata munthu amaponda pamzere wa misomali n'kuyenda. Pasileti ukaponda limasweka, nthawi zina mng'alu wake osaoneka mpaka dzinja, ndipo likakhala lonyowa kapena lomera ndere limaterera koopsa. Chachiwiri ndi kutalika: nyumba zimenezi ndi zosanja, ndipo pansi pake ndi pakonkire kapena pakhoma la mpanda. Ntchito imeneyi ndi ya scaffolding yokhala ndi zotchinga m'mbali, ndi makwerero apadera okola pamsana pa denga. Mmisiri wolipidwa ayenera kutsatira malamulo a Work at Height Regulations 2005, ndipo amene akuti angokwera ndi makwerero wamba atanyamula miyala paphewa akukusonyezani kale mmene amagwirira ntchito zake. Musadabwe mtengo wa scaffolding ukaposa wa masileti. Ndi mmene zimakhalira pa ntchito zing'onozing'ono. Poti yaimikidwa kale, igwiritseni ntchito mokwanira: ngalande za m'mphepete mwa denga zitsukidwe, masileti osweka a malo ena asinthidwe, matailosi a pamsana aunikidwe.

Zimene abambo angachite zilipo, ndipo zimachepetsadi mtengo. Angathe kukasaka masileti kumayadi, kuwagogoda ndi kuwasankha ali pansi, kutulutsa zigumu za njerwa ndi mwaye zimene zinagwera m'denga, ndi kubwezera zofunditsa za ubweya wagalasi pamene panali chumuni, zimene masiku ano amalangiza kuti zichindikale mamilimita 270. M'dengamo aziponda pamitanda pokha, osati pasiling'i, avale chotchinga pamphuno, ndipo zofunditsazo zisatseke mipata ya mpweya ya m'mphepete. Akaona timatuvi touma tonga ta mbewa koma tofumbutuka akatifinya, aime kaye: n'kutheka kuti muli mileme, ndipo ku Britain mileme ndi malo ake ogona n'zotetezedwa ndi lamulo.

Kwa abale amene muli ku Glasgow, Edinburgh kapena kwina ku Scotland, zambiri mwa izi n'zomwezo koma denga lanu linamangidwa mosiyana. Kumeneko masileti amakhomeredwa pamatabwa oyalidwa denga lonse, osati patimatabwa topingasa, ndipo akale ambiri ndi ochindikala, osiyanasiyana msinkhu, aakulu m'munsi ndi aang'ono kumtunda, ogwidwa ndi msomali umodzi kumutu moti mmisiri amatha kukankhira limodzi pambali kuti akhomere lapansi. Migodi ya ku Ballachulish inatsekedwa mu 1955, ndiye ofanana nawo amapezeka akale okhaokha. Lamulo la makoma a pamalire lija silifika kumeneko. M'nyumba za mafulati denga limakhala nkhani ya eni onse, motsatira mapepala a nyumbayo ndi Tenements Act ya 2004.

Kubwerera kwa inu Mayi, imbirani khonsolo mufunse zinthu ziwiri: ngati msewu wanu uli m'dera lotetezedwa maonekedwe, kumene kuchotsa chumuni kumatha kufuna chilolezo, komanso ngati a Building Control akufuna kuona ntchito ya matabwa ndi khoma la pamalire isanaphimbidwe. Funsani tsopano, chifukwa tsiku lodzagulitsa nyumba loya wa wogula adzafunsa. Posankha mmisiri, yang'anani wa masileti weniweni, osati womanga wa chilichonse. Bungwe la National Federation of Roofing Contractors lili ndi mndandanda wa mamembala ake. Akulembereni papepala zimene achite: njerwa azitsitsa mpaka pati, njira ya utsi aipumitsa bwanji, masileti achokera kuti, misomali ndi yanji, ndipo omaliza awagwira ndi chiyani. Muonenso pepala la inshulansi yake. Mumuuze ajambule zithunzi za matabwa ndi nsalu asanayale miyala, chifukwa akayala simudzazionanso.

Ndalama yomaliza musapereke scaffolding isanatsike n'kuona ntchitoyo muli kutali. Imani kuseri kwa nyumba muyang'ane ngati mizere yawoloka chigamba mowongoka, ngati misoko ili pakati pa masileti apansi, ndiponso ngati palibe sileti lotukuka mlomo. Mtundu ukasiyana pang'ono musade nkhawa, mvula ndi utsi wa mumzinda zidzafananitsa. Ikagwa mvula yoyamba yamphepo, abambo alowe m'denga ndi tochi mvulayo ili mkati, agwire mapaso atsopanowo ndi dzanja, makamaka m'makona a kumtunda ndi pamene nsalu zinapitana, abwerezenso mawa lake. Masileti otsala musataye kapena kumusiyira mmisiri. Aimikeni chammbali m'shedi, osati chogoneka, kuti limodzi likadzasweka mudzakhale ndi lofanana nalo.